Funsani a Kochi: Majezi alipo, osewera kulibe

A Kochi,

Ndine mlembi wa timu ya mpira wamiyendo ya Amalawi kuno ku Rosettenville. Tinayamba mu February tili anthu 38. Aliyense anasonkha R150, tinagula majezi ofiira ndi mipira itatu. Tinagwirizana kuti tirening'i izikhala Lachiwiri ndi Lachinayi 5 koloko madzulo, masewera Lamulungu m'mawa, kuti chaka chamawa tidzalowe ligi. Koma pano mu June tikumabwera anthu 7, tikachuluka 8. Majezi angokhala m'chikwama kunyumba kwanga. Apampando akuti tiike chindapusa cha R50 kwa aliyense wojomba. Ine ndikuona ngati Amalawife ndi ulesi ndi nsanje basi. Titani?

Mlembi wokhumudwa, Rosettenville

Achimwene, chindapusacho chisiyeni kaye pomwepo. Munthu amene waleka kubwera pamene kubwera kunali kwaulere sangabwerere chifukwa mwamuikira ngongole. Angotuluka pagulu la WhatsApp usiku, ndipo mukadzakumana ku Park Station adzangoweramira pafoni. Za ulesizo ndiye ndakana. Munthu wodzuka 4 koloko m'bandakucha m'chisanu cha June, n'kukwera matakisi awiri kukatchetcha kapinga wa bwana ku Fourways, ameneyo si waulesi. Pali chimene anabwera kudzafuna pabwalo lanulo osachipeza, ndipo simunamufunse kuti n'chiyani.

Ndikutero chifukwa mlandu umenewu nanenso ndinaupalamulapo. Ndisanabwere kuno ku Joni mu 2006 ndinali mphunzitsi ku Ntcheu, timu ya pasukulu inali m'manja mwanga. Mu 2009 titasonkhanitsa anyamata ku Yeoville, ndinatenga wenzulo n'kuyamba kuwazunguliritsa bwalo kakhumi ngati ana a sitandade 7. Patatha mwezi ndi theka ndinaona zodabwitsa. Anthu amabwerabe, koma m'bwalo osalowa. Amakakhala pansi pa mtengo kumapeto kwa bwalo, pomwe mkulu wina wa ku Machinga ankayala bawo lake. Ine pakati pabwalo ndi wenzulo ndi anyamata asanu, kumtengo anthu makumi awiri akuseka chikhakhali.

Mkuluyo anali wa nthawi ya Theba, mmodzi wa anthu amene anabwera kumigodi a Kamuzu asanaimitse ulendowu mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri. Anandifotokozera kuti mpira wa Lamulungu ku komboni ya mgodi ankakonza ndi abwana, nthawi yake, matimu ake, ngakhale magule, n'cholinga choti anthu asaledzere n'kumenyana, Lolemba alowe pansi ali bwino. Kenako anati, "Aphunzitsi, ife bwana tili naye kale kuntchito masiku asanu ndi limodzi. Kuno sitinabwere kudzafuna wachiwiri." Tsiku limenelo ndinapita kunyumba nditakwiya. Timu ija ndinkaikonzera ine ndi maloto anga a chikho, koma anthu aja ankafuna malo oti ayankhulepo Chichewa mosatsitsa mawu.

Patapita zaka ndinadzamva kuti zimene mkulu wa bawo ankanena pali anthu ophunzira amene anathera moyo wawo akuzifufuza. Edward Deci ndi Richard Ryan, akatswiri a maganizo a munthu a ku yunivesite ya Rochester ku America, amanena kuti munthu amakhalitsa pa chinthu ngati zinthu zitatu zilipo: akumva kuti wasankha yekha, akuona kuti akuchitha kapena akupita patsogolo, ndiponso akumva kuti ali pakati pa anzake. Mu 1971 Deci anapatsa ophunzira masewera ena olumikiza timatabwa, ena n'kumawalipira, ena ayi. Malipiro atasiya, olipidwa aja chidwi chawo chinatsika. Chinthu chimene munthu amachita mwa kukonda, ukachimangirira ku ndalama chimasanduka ganyu. Tsono ngati mphotho imatero, nanga chindapusa?

Tiyeni tiione ndondomeko yanuyo ndi maso a munthu wolembedwa ntchito. Mu June kuno dzuwa limalowa cha m'ma 5:30. Wa kumunda kwa bwana akaweruka 5 koloko ku Sandton, pofika ku Rosettenville kwada kale. Wa m'shopu ku Mayfair kapena ku Fordsburg 6 koloko imamupeza akutsitsa chitseko. Alonda ambiri ndi 6 mpaka 6. Ndiye 5 koloko ya Lachiwiri inali ya ndani? Ndikuganiza kuti ndi ya inu asanu ndi awiri amene mwatsalanu. Lamulungu m'mawa nalo mwalimbana ndi a CCAP, Akatolika ndi a mipingo ya pentekosite pakamodzi. Mukasunthira Loweruka mwataya a Seventh Day ndi onse a m'mashopu. Lachisanu masana abale athu Achisilamu ali ku mzikiti, ndipo mwezi wa Ramadan ukafika sangathamange dzuwa lili pamutu osamwa madzi. Mukachotsa zonsezi, kampata kamene kamatsalira ambiri ndi Lamulungu masana, cha m'ma 2 koloko.

China n'chakuti munali anthu 38 ndipo m'bwalo mumalowa 11. Ena 27 aja anapereka R150 yawo kuti aziimirira kunja akuonerera anzawo atavala jezi imene iwo anagula nawo. Munthu wa zaka 40 sangapirire zimenezo masabata oposa atatu. Onjezani kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera panyanja yamchere, pamene ku Mangochi kapena ku Nkhotakota ndi pafupifupi 500. Mnyamata wongofika kumene kuchokera kunyanja, ngakhale anali dolo kumudzi, masabata oyambirira amachita befu pakangotha mphindi khumi. Anzake akamuseka kuti wakalamba, sabweranso, pamene thupi likadazolowera lokha pakapita kanthawi.

Safunsa anadya phula. Tengani kope ndi foni, muimbire mmodzimmodzi anthu 30 anasiyawo. Osalemba pagulu, chifukwa pagulu aliyense amangoti "tibwera bwana" basi. Mufunseni chimene chinamubweretsa tsiku loyamba, nthawi imene amakhaladi ndi mpata, ndi chimene chinamugwetsa ulesi. Akamayankha musadziteteze, ingolembani. Ndikhoza kukuuziranitu zina zimene mukamve. Anyamata ochepa, mwina asanu ndi atatu, akufunadi ligi. Anaona chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Cameroon mu January 2022 ndipo sagona nacho tulo. Gulu lalikulu likufuna anzawo, nkhani za kumudzi, kumva kumene kuli ntchito kapena chipinda chotchipa. Ena anesi anawauza kuti mimba ichepe pang'onopang'ono, BP yakwera. Ndipo padzapezeka awiri atatu amene anachita mantha atamva mawu oti ligi, chifukwa ligi yolembetsedwa imafuna khadi la wosewera ndi chiphaso, ndipo mapepala a ena sali bwino. Amenewa sadzakuuzani mwachindunji, adzati "tatanganidwa".

Anthu onsewa simungawadyetse m'mbale imodzi, koma bwalo limodzi likhoza kuwakwanira. Ligaweni pakati kapena panayi, muziseweretsa asanu asanu kapena asanu ndi mmodzi, mphindi khumi khumi, kuti aliyense amene wabwera alowe. Pa timabwalo tating'ono munthu amakhudza mpira kawirikawiri, ngakhale wosadziwa amamwetsako chigoli n'kukachisimba sabata yonse. Matimu azisinthika Lamulungu lililonse, ponyani zitsekerero za mabotolo m'chipewa aliyense atole, kuti pasakhale timu ya madolo ndi timu ya otsalira. Kwa azibambo a mawondo olira pali mpira woyenda, umene unayambira ku England mu 2011: kuthamanga n'koletsedwa, phazi limodzi likhale pansi nthawi zonse. Poyamba amauseka. Muwaone pakatha mphindi khumi ndi zisanu mmene thukuta likutsikira ndi mmene akukanganirana za amene wathamanga.

Anyamata a ligi aja muwapatse ola lawo lomaliza, bwalo lonse, mpira weniweni, akuluakulu akuchemerera. Akafuna tirening'i yapakati pa sabata asankhe okha tsiku. Amene ali ndi luso loonekeratu ndi mapepala ake, musamusunge chifukwa cha dyera la timu yanu. Mulozereni kalabu ya m'dera lanu imene ili kale pansi pa SAFA, bungwe loyendetsa mpira wamiyendo ku South Africa. Ndipo nenani poyera kuti Lamulungu palibe amene afunsidwe pasipoti.

Ndalama muzitolera kumapeto kwa mwezi, pang'ono, poti pakati pa mwezi zambiri zimakhala zitapita kale kumudzi pa Mukuru. Ntchito zigaweni: wina asunge mipira, wina madzi, wina azichapa majezi. Munthu amene mipira ili kwake sajomba. Masewera akatha musathamangire kubalalika, khalani pansi theka la ola. Ku Yeoville kuja theka la ola limeneli ndilo linadzakhala mtima wa gulu lonse, ndipo tsiku lina mnzathu atatisiya, ndalama zotumizira maliro kumudzi zinasonkhedwa pansi pa mtengo wa bawo uja.

Poyambiranso muli napo pabwino: 6 July ili pafupi. Lamulungu loyandikana nalo itanani onse, mugawe Maule kuno Manoma uko, muone ngati Mmalawi angakhale m'nyumba. Majezi ofiirawo apatseni a Bullets, enawo abwere ndi chilichonse cha buluu. Chinthu chimodzi chokha mudzakumbukire dzinja likadzafika: kuyambira October mpaka March mvula ya mabingu kuno imakonda masana omwewo, ndipo mphezi ya kumtunda kuno ku Highveld si yochita nayo masewera. Mu 1998 inagwetsa osewera pabwalo pa masewera a Jomo Cosmos ndi Moroka Swallows. Mukaona kung'anima, bingu n'kumveka masekondi 30 asanathe, tulukani m'bwalo mukalowe m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

A Kochi,

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, ndimagona konko, tsiku langa lopuma ndi Lamulungu. Ine ndi amayi anzanga a kutchalitchi tikufuna kuyambitsa mpira wamanja ku Cosmo City. Tayesa kawiri. Atsikana amene anasewera ku sekondale akuthamanga kwambiri, amayi akuluakulu akuchita manyazi, wina anatsala pang'ono kukomoka. Ena akuti amuna awo akudandaula za ana ndi nsima yamasana. Ine ndili ndi zaka 47, ku kiliniki anati BP yanga yakwera, ndiye ndikufunitsitsa zitheke. Kodi tiwasiye atsikanawo tipange zathu?

Mayi wa ku Thyolo, Randburg

Amayi, atsikanawo musawathamangitse, ndi amene akudziwa malamulo, ndipo mukadzafuna kusewera ndi amayi a mpingo wina mudzawafuna. Mwayi wanu ndi wakuti mpira wa ntchemberembaye unapangidwa kale mokomera anthu a mphamvu zosiyana. Bwalo lake n'logawidwa patatu, ndipo pa osewera asanu ndi awiri, womwetsa zigoli wa GS ndi wotchinga wa GK satuluka m'chigawo chimodzi. Amene amathamanga m'zigawo zonse zitatu ndi wapakati, wa C. Ndiye malo amenewo ndi a m'mbali apatseni atsikana, amayi aime ku mapeto. Mayi wamtali wodekha pansi pa golo amavutitsa mtsikana aliyense wothamanga. Zigawo zinayi za mphindi 15 zija ndi za ma Queens, amene anathera pa nambala 7 pa chikho cha dziko lonse ku Cape Town mu 2023. Inu yambani ndi mphindi 6, mupume, mumwe madzi. Ola loyamba likhale la mpira woyenda, onse pamodzi, kenako mphindi 20 zomaliza atsikana atulutse ukali wawo wonse, ofuna kukhala Mwai Kumwenda akhale, inu mukuwerenga zigoli ndi kuimba.

Mayi amene anatsala pang'ono kukomokayo asabwerere m'bwalo asanakayezetse BP ndi shuga ku kiliniki. Mumufunsenso ngati anadya, chifukwa ambiri timachoka kutchalitchi 1 koloko m'mimba muli tiyi wa m'mawa yekha. Inunso ngati anakupatsani mapiritsi a BP musawasiye poti mwayamba masewera, ziwirizi zimayendera limodzi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, zoti mtima ugunde mofulumirirapo koma ukutha kuyankhula. Lamulungu limodzi likupatsani mwina 60. Kukolopa ndi kukwera masitepe zimathandizako, koma kusita ndi kutsuka mbale n'kuimirira chabe, kumangotopetsa msana. Zotsalazo muzipeze poyenda ndawala mphindi 20 madzulo, ngati msewu wa kwa abwanawo ndi wabwino. Komanso muli pafupi ndi Delta Park, kumene parkrun (kuthamanga kwa anthu wamba m'paki) yoyamba mu South Africa inayambira mu 2011, atabwera nayo Bruce Fordyce, amene anapambana mpikisano wothamanga wa Comrades kasanu ndi kanayi. Ndi makilomita 5, Loweruka lililonse 8 koloko m'mawa, kwaulere, mumangolembetsa kamodzi pa intaneti, ndipo oyenda amalandiridwa chimodzimodzi ndi othamanga. Ndikudziwa kuti Loweruka mumagwira ntchito, koma kupempha ola limodzi ndi theka si mlandu. Ndikudziwa mayi wina amene anapempha, n'kupezeka kuti adona ake nawo amapita komweko, pano amapitira limodzi pagalimoto.

Nkhani ya ana ndi yosavuta kusiyana ndi mmene ikuonekera. Bwerani nawo. Sabata iliyonse mayi mmodzi asasewere, akhale ndi ana m'mbali, awaphunzitse fulaye, jingo ndi phada. Ana obadwira kunowa ambiri sanaonepo mpira wa fulaye wokulunga ndi mapepala a shuga, ndipo mudzaona amayi ena akuthawa m'bwalo kukalowa nawo fulaye, nsalu atamanga m'chiuno. Asiyeni, amenewonso ndi masewera. Nthawi ikhale 3 koloko, nsima itadyedwa, ndipo muzimaliza kusanade kuti ogona kuntchito ngati inu mupeze takisi. Abambo odandaulawo mmodzi mumupemphe adzajambule mizere kapena adzaimbire, akapatsidwa wenzulo amasiya kudandaula.

Musanasankhe bwalo kaoneni ngati pali chimbudzi chotseguka, chifukwa amayi ambiri amasiya pa chifukwa chimenechi osanena. Pa zovala pasakhale lamulo la siketi yaifupi. Wofuna chitenje pamwamba pa thalauza avale, wa mpango kumutu avale. Ena adzakuuzani kuti muphatikize ndi banki m'khonde kuti anthu asamajombe. Zimagwiradi ntchito miyezi yoyamba, koma ine ndimazengereza, poti tsiku limene wina walephera kubweza ngongole, ndi mpira womwe amautaya. Ngati mukufuna za ndalama, chipereganyu chaching'ono cha sopo ndi shuga n'chokwana.

A Kochi,

Mwana wanga wa zaka 11 ndimamulipirira R400 pamwezi ku akademe ya mpira. Pano akukana kupita, akuti akufuna kusambira. Ine ndikufuna adzafike pa Gabadinho. Ndimukakamize?

Bambo wa ku Alexandra

Bambo, Gabadinho anamwetsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu 2019/20 n'kugawana mphotho ya womwetsa zigoli zambiri ndi Peter Shalulile, koma ndikukayika ngati alipo anamukokera kubwalo ali mwana. Pa zaka 11 mwana akadali pa msinkhu woyesa masewera osiyanasiyana, ndipo kusambira sikuononga mpira, kumalimbitsa mapapo. Komanso tsiku lina mudzapita naye ku Nkhata Bay kapena ku Senga Bay, mudzathokoza kuti amadziwa madzi.

Koma musanavomere kapena kukana, fufuzani ngati akuthamangira kusambira kapena akuthawa mpira. Mwana amene ankakonda mpira akaukana mwadzidzidzi, kawirikawiri pamakhala chifukwa: amakhala pabenchi mwezi wonse, kochi amamukalipira pamaso pa anzake, kapena anzake amamutchula mayina aja amene ana a alendo amatchulidwa kuno. Nthawi zina chifukwa chake ndi ulendo wobwerera kunyumba, bambo akuwerenga zolakwa zonse ndi kukumbutsa za R400. Ine mwana wanga wamkazi anasiya kuthamanga chaka chathunthu chifukwa cha pakamwa panga, anadzandiuza atakula.

Loweruka likubwerali mupite naye, mukhale patali, foni m'thumba, muwerenge kuti walowa mphindi zingati, wakhudza mpira kangati, ndiponso amene akucheza naye popuma ndi ndani. Pobwerera mumugulire kota (buledi wothira tchipisi m'kati), ndipo nkhani ya mpira musaiyambitse ndinu.